Funsani a Mkonzi: Buku ndalemba, nanga ndilipereke kwa ndani?

Mwezi uno makalata ambiri afika pa nkhani imodzi, ya kusindikiza buku loyamba, nde ndasankhapo atatu. Maina ndachotsa ngati mwa masiku onse.

FUNSO

A Mkonzi, ine ndine mphunzitsi kuno ku Matero. Ndalemba nthano yaitali m'Chinyanja, ya mtsikana wochokera ku Katete amene anabwera kudzagwira ntchito ya m'nyumba mu Lusaka, masamba 140 pa kompyuta. Anzanga ena akuti nditumize ku makampani akuluakulu, ena akuti ndingopita ndekha kwa osindikiza mu town. Manje pali kampani ina ndinaipeza pa Facebook, ndinawatumizira Lolemba, Lachiwiri anayankha kuti buku ndi labwino kwambiri alitenga, koma ndilipire K18,000, iwo akonza zonse, andipatsa mabuku 50, ndipo pa ogulitsidwa ndizilandira 30 peresenti. Pangano ndi la zaka 10. Akuti iwo ndi hybrid. Ndikuganiza zotenga ngongole ya pa payslip. Ndithandizeni.

YANKHO

Aphunzitsi, ngongoleyo musatenge, chonde. Ndayambira pamenepa chifukwa ndikudziwa mmene payslip ya mphunzitsi imaonekera akayamba kudula mwezi ndi mwezi, ndipo buku loyamba silibweza ndalama pa liwiro lomwe ngongole imafuna. Komanso ndikuyamikeni, masamba 140 m'Chinyanja pamwamba pa kuchonga makope a ana, si ntchito yamasewera, ndipo mabuku otere tikuwasowa kwambiri.

Njira zomwe anzanu akutchulazo zimasiyana pa zinthu ziwiri basi: ndani akutulutsa ndalama, ndipo ndani akutsala ndi umwini. Pa njira yakale ija amati traditional, kampani ndiyo imalipira zonse, mkonzi, chikuto, pepala, kusindikiza, kutumiza m'masitolo, inu simutulutsa ngakhale ngwee imodzi, ndipo popeza aika ndalama zawo pachiswe amatenga ufulu wogulitsa bukulo n'kumakupatsani kagawo, kawirikawiri pafupifupi 10 peresenti. Mukadzisindikizira nokha, ndalama zonse ndi zanu, mutu wonse wowawa ndi wanu, komanso buku ndi phindu lake ndi zanu. Hybrid imayenera kukhala pakati, inu mulipirako, iwo agwire ntchito ya kampani yeniyeni, ndipo poti ndalama zatuluka m'thumba mwanu gawo lanu likhale lalikulu. Tsono taonani zomwe akupatsani inu. Mulipira zonse, koma 70 peresenti ndi yawo, ndi umwini wa zaka 10 pamwamba pake. Zili ngati mwagula minibasi ndi ndalama zanu koma white book, chikalata cha umwini wa galimoto, yalembedwa dzina la dalaivala, iye n'kumakugawirani zomwe wafuna madzulo. Tawerenganinso: K18,000 kugawa ndi mabuku 50 omwe mudzawagwire m'manja, buku limodzi lakudyerani K360. Ndani ku Matero adzagule nthano pa K360?

China chandidetsa nkhawa ndi kuyankha kwa tsiku limodzi kuja. Munthu amene wawerenga masamba 140 mofatsa amabwera ndi mafunso, amati mutu wachitatu ukukoka, mtsikanayu bwanji wakhululuka msanga chonchi, agogowa mwati ndi a ku Katete koma akulankhula ngati a mu Kanyama. Wongoti "labwino kwambiri" n'kuphatikizapo invoice, ameneyo sanawerenge, ndipo kasitomala wake ndinu, osati owerenga. Sindikuti aliyense wolipiritsa ndi wakuba, ayi, alipo ogwira ntchito yooneka. Ku America bungwe la Independent Book Publishers Association linatulutsa mu 2018 mfundo zodziwira hybrid yeniyeni, ndipo zina mwa izo ndi zoti kampani izisankha mabuku osati kulandira lililonse, izifikitsa mabuku kwa ogulitsa, ionetse kuti mabuku ake amagulidwadi, ndiponso wolemba azilandira gawo lalikulu kuposa la traditional. Ku UK, Society of Authors ndi Writers' Guild of Great Britain anafunsa alembi omwe analipira makampani otere, lipoti linatuluka mu 2022, ndipo 94 mwa 100 aliwonse anali atataya ndalama. Kumeneko, komwe masitolo a mabuku ali paliponse.

Nde musanawayankhe apempheni maina a mabuku atatu omwe anatulutsa chaka chatha, mukwere basi mupite ku sitolo ya mabuku ku Manda Hill kaya m'tauni, mukafunse pa kauntala ngati alipo. Pezani mlembi mmodzi wa mabukuwo, si ovuta kupeza pa Facebook, mumufunse kuti anagulitsa angati ndipo ndalama analandira liti komaliza. Afunseninso akampaniwo ngati adzakupatseni mafayilo omaliza, PDF ya mkati ndi ya chikuto, kuti mawa mukafuna kusindikiza kwina musayambirenso. Akayamba kukufulumizitsani kuti mtengo ukwera Lachisanu, asiyeni.

Tsono njira ya traditional kuno kwathu ili ndi zake zomwe muyenera kudziwa musanakhumudwe. Makampani ambiri osindikiza mu Zambia amadalira mabuku a sukulu, chifukwa ndiwo ali ndi wogula wotsimikizika. Ilipo Zambia Educational Publishing House, yomwe kale inali Kenneth Kaunda Foundation, ndipo mabuku ambiri a zinenero zathu omwe tinakula nawo anachokera kumeneko ndi dzina la Neczam pachikuto. Alipo Bookworld, Maiden, Gadsden, ndi UNZA Press yomwe imatsamira ku zolemba za maphunziro apamwamba. Aliyense ali ndi mtundu wa mabuku omwe amafuna, nde musanatumize kaoneni pa shelefu zomwe atulutsa posachedwa, musatumize nthano kwa anthu ofuna mabuku a masamu. Inu muli ndi mwayi umene ambiri olemba Chingelezi alibe: Chinyanja ndi chimodzi mwa zinenero 7 zophunzitsidwa m'sukulu, chimaphunzitsidwa kuno ku Lusaka ndi ku Eastern, chimalembedwa pa mayeso a ECZ, bungwe loona za mayeso m'dziko muno, ndipo ana amafunika nthano zoti awerenge, izi mukuzidziwa kuposa ine. Buku lolowa m'kalasi limayamba lavomerezedwa ndi Curriculum Development Centre, nthambi ya boma yoona zomwe ana amaphunzira, ndipo kampani yozolowera njira imeneyo ingakuchitireni zomwe panokha zingakutopetseni. Apa mpomwe 10 peresenti imakoma, chifukwa 10 peresenti ya mabuku masauzande iposa ndalama zonse za mabuku 40 ogulidwa ndi achibale. Kalembedwe muonetsetsenso, sukulu za kuno zimalemba c pomwe ku Malawi amalemba ch, Cinyanja, cakudya, nde sankhani msika wanu n'kutsata kalembedwe kamodzi kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Akakuvomerani musasayine chifukwa cha chimwemwe. Werengani kuti 10 peresentiyo ndi ya chiyani, ya mtengo wa pachikuto kapena ya ndalama zotsala sitolo itadya zake. Tiyerekeze buku la K150. Ya pachikuto ndi K15. Koma sitolo ikatenga 40 peresenti, kampani ilandira K90, inu K9. Onaninso ngati akutenga ufulu wa pa wailesi, wa filimu, wa kumasulira m'zinenero zina, zinthu zomwe mwina iwo sadzazigwiritsa ntchito n'komwe koma inu mwazitsekera. Ndipo pakhale mawu onena kuti buku likatha pa msika iwo osalisindikizanso, umwini ubwerera kwa inu pakapita nthawi yakutiyakuti. Mawu amenewa ndimawalimbikira kwambiri chifukwa alembi ambiri achikulire mabuku awo anafera m'makabati a makampani, ana awo akuwafuna koma palibe wololedwa kuwatulutsa. Dziwaninso kuti njirayi ndi yochedwa, chaka kaya ziwiri kuchokera posayina mpaka kugwira buku si zachilendo.

Nanga kudzisindikizira? Ine sindikuona ngati njira ya olephera, ambiri mwa mabuku atsopano omwe ndimawaona mu Lusaka atuluka chonchi. Koma mudziwe kuti mwasanduka kampani. Ndalama yoyamba ipite kwa mkonzi wodziwa Chinyanja cholemba, osati mnzanu wa mu staffroom wokuopani kukukhumudwitsani. Yachiwiri kwa wokonza masamba ndi chikuto, buku lopangidwa mu Word mothamanga limaoneka patali, mizere yothinana, malire a mkati omezedwa ndi guluu. Yachitatu ndiyo ya kusindikiza, ndipo apa mpomwe anthu amagwa. Wosindikiza adzakuuzani zoona kuti mabuku 1,000 pa makina a offset amatchipa buku limodzilimodzi kuposa 100 pa digital, inu mtima dyokodyoko, koma ndalama yomwe mudzatulutse ndi yonse ya 1,000, ndipo ndalowapo m'nyumba momwe makatoni asanjidwa kuseri kwa sofa, a pansi atamwa chinyezi cha Januwale, masamba atapotana, zikuto zitamatirirana. Yambani ndi 100 kaya 200, akatha mukasindikizanso, ndipo zolakwika zomwe owerenga apeza mudzakhala mutazikonza.

Tiyerekezenso ndi manambala ongopeka, anu enieni mukawatenge kwa osindikiza atatu osiyana. Mabuku 200 pa K50 limodzi ndi K10,000, mkonzi ndi chikuto K5,000, zonse K15,000. Mukagulitsa nokha pamanja pa K150, muyenera kugulitsa 100 kuti ndalama yanu ibwere, otsalawo ndiwo phindu. Mukapereka ku sitolo yotenga 40 peresenti, pa buku lililonse mutsala ndi K40 mutachotsa ya kusindikiza, ndipo masitolo ambiri amalipira buku likagulidwa, osati pomwe mwalisiya. Funso loti mudzifunse usiku uno ndi ili: anthu 100 amenewo ndi ndani? Alembeni pa pepala, aphunzitsi anzanu a mu zone, a ku tchalitchi, gulu la WhatsApp la akwanu, sukulu zapulaiveti zomwe mumadziwana ndi ahedi. Ngati pepala likudzaza, njirayi ikuyenerani. Ngati mwaima pa 23, vuto si wosindikiza, owerenga sanakudziweni, ndipo palibe kampani ya K18,000 ingakuthetsereni limenelo.

Musalole asindikize onse musanaone buku limodzi la chitsanzo. Litsegule pakati, lipanikizeni pa tebulo, kokani tsamba limodzi pang'ono. Likasomphoka guluu ndi wachabechabe ndipo onse 200 adzatero m'manja mwa ana. Yang'anani tsamba pa dzuwa muone ngati zilembo za kuseri zikuonekera kwambiri, pepala la 80gsm limakwanira pa nthano, ndipo saizi ya A5 ndiyo yosawononga pepala.

Ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. Mateemu awiri akubwerawa tumizani ku makampani a traditional omwe amatulutsa za zinenero zathu, ndi kalata yaifupi yonena nkhani yake, msinkhu wa owerenga ndi kuti ndinu mphunzitsi. Podikirapo lowani chilimba musonkhanitse ya mkonzi, muziika timagawo ta nthanoyi pa Facebook anthu ayambe kufunsa kuti mtsikana uja zinamuthera bwanji. Nthawiyo ikatha kuli zii, sindikizani 150 ndi ndalama yanuyanu, ena mukweze basi pa Intercity apite ku Chipata ndi ku Katete kwa munthu wokhulupirika, ndalama zizibwera pa Airtel Money kaya MoMo, ndipo mu Ogasiti ku Kulamba ku Mkaika kumasonkhana Achewa a maiko atatu, Zambia, Malawi ndi Mozambique, anthu omwe angawerenge buku lanu popanda womasulira.

FUNSO

Ba Mkonzi, ndine mnyamata wa zaka 24 ku Kalingalinga, ndalemba novel m'Chingelezi. Ndinatumiza ku makampani anayi akunja, miyezi 6 yapita kulibe yankho. Mnzanga akuti ndileke kuvutika, ndiike pa Amazon ni free ndipo dziko lonse lizagula. Ni zoona?

YANKHO

Mwanawanga, zoti ndi zaulere n'zoona, zoti dziko lonse lidzagula si zoona. Pa Kindle Direct Publishing (KDP), njira ya Amazon yodzisindikizira, mumaika buku osalipira, iwo amadya pa lililonse logulidwa. Pa ebook, buku lowerengera pa foni kaya kompyuta, amakupatsani 35 kapena 70 peresenti, ndipo 70 imeneyo ndi ya buku la mtengo wosadutsa malire omwe iwo anaika, logulidwa ndi anthu a m'maiko ena okha. La pepala amalisindikiza munthu akaoda, limodzilimodzi, nde palibe makatoni, koma amachotsa mtengo wosindikizira pa gawo lanu, ndipo ndalama zimabwera patapita masiku pafupifupi 60 mwezi utatha. Vuto lalikulu ndi loti muli mabuku mamiliyoni mmenemo ndipo Amazon sidzakutsatsirani. Owerenga anu oyamba ali kuno, ku Kalingalinga, ku UNZA, ambiri alibe khadi logulira pa intaneti, ndipo kuitanitsa mabuku anu omwe kuchokera kunja mpaka Lusaka, mtengo wotumizira umadya phindu lonse. Amazon ndi yabwino kwa wachibale ali ku Manchester kapena ku Texas, nde ngati mwasankha kudzisindikizira chitani ziwiri, a kuno musindikize konkuno, a kunja awapeze pa Amazon. Kwa olemba m'Chichewa ndionjezere kuti chinenero chathu sichili pa mndandanda wa zinenero zomwe KDP imalandira.

Koma ine ndingakuuzeni kuti musathamange. Makampani anayi ndi ochepa, ndipo akuluakulu a ku London ndi New York ambiri sawerenga n'komwe zomwe zabwera popanda agent, munthu woimira wolemba pogulitsa buku ku makampani, mwina n'chifukwa chake kuli chete. Agent weniweni salipiritsa powerenga, amadya gawo lake, nthawi zambiri 15 peresenti, buku likagulidwa ndi kampani. Alipo makampani a mu Africa muno omwe amatsegula nthawi yolandira zolemba mwachindunji, monga Jacana ku Johannesburg ndi Cassava Republic ya ku Nigeria, muziyang'ana pa masamba awo. Mipikisano yatsegulira Azambia zitseko, Ellen Banda-Aaku anapambana Penguin Prize for African Writing mu 2010, Mubanga Kalimamukwento anatulukira pa Dinaane Debut Fiction Award ndipo buku lake linasindikizidwa ndi Jacana mu 2019. Pa nkhani zazifupi pali Kalemba Short Story Prize ya konkuno, ndi Commonwealth Short Story Prize yomwe kulowa n'kwaulere ndipo imatsegulidwa mu Sepitembala. Chomwe ndikufuna muchimvetse n'chakuti buku mukaliika pa Amazon latuluka basi, makampani ambiri ndi mipikisano ya buku loyamba safunanso losindikizidwa kale. Pa zaka 24 muli ndi nthawi. Lipatseni anthu awiri owerenga kwambiri osakukondani mopitirira, lilembeninso, tumizani kwa ena khumi, uku mukuyamba lachiwiri.

FUNSO

A Mkonzi, ndine mayi wa ku Chilenje, ndapuma pa ntchito. Ndalemba mbiri ya banja lathu ndi miyambo ya kwathu kuti adzukulu adzaidziwe. Ndikuopa kupereka fulashi kwa osindikiza, angandibere. Komanso ISBN ndi chiyani, ndiyofunika?

YANKHO

Amayi, mwachita chinthu chachikulu, ndipo inu musavutike ndi zosankha, buku lotere ndi lodzisindikizira, mabuku 30 kaya 50 pa digital akwanira. Kampani ya traditional silingaiyenere chifukwa ogula ake ndi ochepa, ndipo palibe chifukwa chopatsira munthu wina umwini wa mbiri ya makolo anu.

Za kuba, mtima ukhale m'malo. Pansi pa lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994, zomwe mwalemba ndi zanu kuyambira pomwe mwazilemba, moyo wanu wonse ndi zaka 50 mutamwalira, adzukulu ndiwo adzalowe m'malo. Chofunika ndi umboni woti zinayambira kwa inu. Sungani makope omwe munalembamo pamanja, mdzukulu akutumizireni fayilo pa imelo yanu kuti tsiku lioneke, ndipo kwa osindikiza musapereke fulashi yonse, atumizireni PDF yokha, pa lisiti alembe dzina la buku ndi chiwerengero cha mabuku omwe mwagwirizana. Kunena zoona kuba zolemba za munthu wosadziwika sikuchitika kawirikawiri, chomwe chimavuta kwambiri ndi fotokope buku likatchuka, ndipo za zimenezo kuli bungwe la Zambia Reprographic Rights Society.

ISBN ndi nambala ya manambala 13 yomwe mumaiona kuseri kwa buku pamwamba pa timizere takuda tija, za ku Zambia zimayamba ndi 978-9982. Siteteza umwini, ntchito yake ndi yoti masitolo ndi malaibulale alizindikire bukulo. Ngati ndi la pabanja pokha simukuifuna. Ngati mukufuna lifike m'sitolo, itengeni, koma ilembedwe m'dzina lanu, chifukwa wosindikiza akakupatsani yake ndiye kuti m'kaundula wa ISBN ndi pa malonda wofalitsa ndi iyeyo. Lamulo la Printed Publications Act limafunanso kuti pa buku paoneke dzina ndi keyala ya wosindikiza ndi wofalitsa, ndi kuti buku lotulutsidwa mu Zambia limodzi liperekedwe ku National Archives ku Ridgeway pasanathe miyezi iwiri. Zithunzi zakale zomwe mukufuna kuikamo musazijambule ndi foni, zipite pa scanner pa 300 dpi, ndipo pansi pa chilichonse mulembe maina a anthuwo, mudzi ndi mfumu yake, mukadali ndi achikulire omwe angakuuzeni kuti waima kumanzereyo ndi ndani.